Kodi Mumadziwa? Zomwe Zimachedwetsa Uthenga pa Serial Port

Kodi mumadziwa kuti kabowo ka timano 9 kamene kali kumbuyo kwa makompyuta akale kamatsatira malamulo amene anakhazikitsidwa mu 1960? Malamulowo ndi RS-232, ndipo kabowoko ndi serial port. Pa malaputopu a masiku ano simukapezanso, koma ntchito yake sinathe. Masikelo a m'mafakitale, makina oyezera magazi, zida za GPS, ma router a intaneti ndi tizipangizo ta Arduino, zambiri mwa izi zimalankhulabe mwa njira yomweyo: biti imodzi pambuyo pa inzake, pa kawaya kamodzi.

Kodi mumadziwa kuti chilembo chimodzi chimadya mabiti 10 pa chingwe, osati 8? Mwa kakonzedwe kofala kotchedwa 8N1, kutsogolo kwa baiti iliyonse kumakhala biti yolengeza kuti chilembo chayamba, ndipo kumbuyo kwake kumakhala ina yotsekera. Choncho pa liwiro la 9,600 pamadutsa zilembo 960 pa sekondi, chilichonse nkumatenga milisekondi imodzi ndi kakang'ono. Milisekondi ndi sekondi yogawidwa ka 1,000. Pa liwiro la 115,200 zilembo zimakwana 11,520 pa sekondi, ndipo chimodzi chimatenga mamaikulosekondi 87 okha. Maikulosekondi nayo ndi milisekondi yogawidwanso ka 1,000. Nambala ya 87 imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kodi mumadziwa komwe nambala yachilendo ya 115,200 inachokera? Kachipangizo koyendetsa serial port, kotchedwa UART, kamayendera wotchi yogunda ka 1,843,200 pa sekondi, ndipo kamafuna kugunda 16 pa biti iliyonse. Gawani 1,843,200 ndi 16, muipeza. Mukaigawanso ndi 12 mupeza 9,600.

Kodi mumadziwa kuti UART ya mu kompyuta yoyamba ya IBM PC, ya mu 1981, inkasunga baiti imodzi yokha? Inali 8250 ya kampani ya National Semiconductor. Chilembo chikafika, UART inkaitana purosesa kudzera mu chizindikiro chotchedwa interrupt. Purosesa inkasiya zomwe ikuchita, kusunga pomwe yalekezera, nkuthamangira ku kapulogalamu kosamalira chipangizocho, komwe akatswiri amati driver. Driver ankatola chilembocho, kenako purosesa nkubwerera ku ntchito yake. Ikachedwa mpaka chilembo chotsatira kumaliza kulowa, chakale chinkafufutika. Kutayika kumeneku kumatchedwa overrun, ndipo chomwe chatayika chatayika basi, UART ilibe njira yopemphera kuti achitumizenso.

Purosesa ya makinawo, Intel 8088, inkagunda ka 4.77 miliyoni pa sekondi. M'mamaikulosekondi 87 muli kugunda pafupifupi 414 kokha, pomwe kungowerenga baiti imodzi mu memory kunkadya kugunda kunayi. Nthawi yochepa chotereyi inkayenera kukwanira kulandira kuitana, kusunga, kutola, kubwerera, ndi kutsalako ina yoti pulogalamu ya mwini kompyuta iyendere.

Kodi mumadziwa kuti mtengo wa interrupt susintha, kaya yabweretsa baiti imodzi kapena khumi? Apa ndi pomwe pali phata la nkhani. Zili ngati kuchigayo cha dizilo: kuliza injini kumadya mafuta ofanana, kaya pabwera kathumba kamodzi kapena matumba khumi. N'chifukwa chake wachigayo amati tadikirani anzanu afike. Iye wapulumutsa mafuta, koma mayi amene anafika mbandakucha ndiye walipira ndi nthawi yake. Ndipo ngati anthu ena sakubwera, wachigayo sangamusunge mpaka dzuwa kulowa, ayenera kuliza injini ndithu. Zinthu zitatu zonsezi, kusonkhanitsa, kudikiritsa ndi malire a kudikira, anazilowetsa mu kachipangizo kamodzi.

Kodi mumadziwa kuti kachipangizoko kanatuluka ndi chilema? Ndi 16550, yomwe inalowa mu makompyuta a IBM PS/2 mu 1987. Inali ndi mzere wosungira mabaiti 16 olowa ndi wina wa 16 otuluka. Mzerewu umatchedwa FIFO, ndipo baiti yoyamba kulowamo ndi imene imayamba kutuluka. Koma mu mtundu woyambawo FIFO sinkagwira bwino ntchito, mpaka inakonzedwa mu 16550A. Kufikira lero ma driver amayamba afufuza kaye kuti adziwe ngati chomwe akumana nacho ndi 16550 wamba kapena ya A, asanayerekeze kuyatsa FIFO.

Kodi mumadziwa kuti 16550A imangokupatsani malo anayi oti musankhepo? Mukhoza kuiuza kuti iziitana purosesa mabaiti akakwana 1, 4, 8 kapena 14. Palibe 6, palibe 10, chifukwa chisankhochi chimalembedwa ndi mabiti awiri okha. Tiyeni tiwerenge pa liwiro la 115,200, uthenga ukubwera mosalekeza. Pa 1, kuitana kukhoza kufika 11,520 pa sekondi. Pa 4 kumatsika kufika 2,880. Pa 8 ndi 1,440. Pa 14 ndi pafupifupi 823.

Tsopano tiyang'ane mbali inayo. UART ikaitana, chingwe sichiima, zilembo zikungolowabe. Mukasankha 14, mu FIFO mwatsala malo awiri, ndipo chilembo chachitatu chikamaliza kufika chimasowa pokhala. Purosesa ili ndi mamaikulosekondi pafupifupi 260 oti ifike. Mukasankha 8, malo otsala ndi 8, ndipo nthawi ndi pafupifupi 780. Onani mmene malondawa alili. Kuchoka pa 1 kufika pa 8 mwachotsa ma interrupt oposa 10,000 pa sekondi. Kuchoka pa 8 kufika pa 14 mwangochotsako ena 617, koma mwataya magawo awiri mwa atatu a nthawi yanu yodzitetezera. Kwa ine, 14 pa liwiro lalikulu ndi kuumira komwe kulibe phindu, ndipo ndimaona kuti olemba driver wa 8250 mu Linux anaganiza bwino poyambira pa 8 akapeza 16550A.

Kodi mumadziwa kuti kusankha 1 sikutanthauza kuti mwazimitsa FIFO? Ambiri amasokoneza ziwirizi. FIFO ikakhala yoyaka ndipo mulingo uli pa 1, UART imaitana chilembo choyamba chikangofika, koma malo ena 15 alipobe. Purosesa ikakhala yomasuka imabwera msanga nkutola chimodzi. Ikatanganidwa nkuchedwa, imapeza zinayi kapena zisanu ndi ziwiri zitasonkhana, ndipo driver wabwino amakokolola zonse pa ulendo womwewo. Motero makina akalemedwa, kuitana kumachepa kokha. Ndi kakonzedwe kamene ndimakakonda kwambiri pa zinthu zofuna yankho lamsangamsanga.

Kodi mumadziwa chomwe chimachitika mukalemba chilembo chimodzi chokha pomwe mulingo uli pa 14? Zinzake 13 sizikubwera. Pofuna kuti chisagone mmenemo, 16550A ili ndi kawotchi: mu FIFO mukakhala kanthu, ndipo papita nthawi yokwana zilembo zinayi popanda cholowa kapena chotuluka, imaitana purosesa ngakhale mulingo sunakwane. Nthawi imeneyi imayezedwa ndi zilembo, osati ndi wotchi ya pakhoma, choncho imatalika liwiro likatsika. Pa 115,200 ndi mamaikulosekondi 347, palibe angazindikire. Pa 9,600 ndi mamilisekondi anayi ndi kakang'ono. Pa 300, liwiro la ma modem akale, ndi mamilisekondi 133, ndipo zala za munthu wolemba zimamva kuchedwako.

Kodi mumadziwa kuti mausi yakale inkavutika ndi kawotchi kameneka? Mausi ya Microsoft yolowetsa pa serial port inkatumiza pa liwiro la 1,200, mabaiti atatu pa kusuntha kulikonse. Atatu sakwana 4, sakwana 8, sakwana 14. Mukaigwedeza pang'ono nkuima, mabaiti atatuwo amakhala mu FIFO mamilisekondi 30 ena kudikira kuti kawotchi kathe. Driver wa Linux ali ndi lamulo losavuta pa zimenezi: liwiro likatsika pansi pa 2,400, mulingo umabwerera pa 1. Pa liwiro lotere kuitana sikungapitirire 240 pa sekondi, ndiye palibe chifukwa chodikiritsira chilembo.

Kodi mumadziwa kuti COM2 inkamvedwa msanga kuposa COM1? Mu PC, serial port yoyamba, COM1, imaitanira pa mzere wa interrupt wotchedwa IRQ 4, pomwe yachiwiri, COM2, ili pa IRQ 3, ndipo kachipangizo kogawa ma interrupt, 8259, kamayamba ndi nambala yaing'ono. Chodabwitsa china n'chakuti kuyambira pa IBM PC/AT ya 1984, mizere ya 8 mpaka 15 inalumikizidwa kudzera pa IRQ 2, motero yonse inakhala patsogolo pa 3 ndi 4. Hard disk, yomwe ili pa IRQ 14, inkadutsa serial port pa mzere. Komatu disk ikhoza kudikira osataya kanthu, pomwe UART siingathe.

Vutoli linali lenileni m'zaka za m'ma 1990. Munthu akukopera fayilo pa modem, disk nkuyamba kulemba, driver wa disk nkutseka ma interrupt onse kwa kanthawi, zilembo nkutayika. Pulogalamu ya hdparm, yolembedwa ndi Mark Lord, ili ndi chisankho cha -u chololeza kuti ma interrupt ena amveke pomwe disk ikusamaliridwa, ndipo anthu ambiri ankachiyatsa pofuna kuthetsa ma overrun. Wolakwa sanali modem kapena chingwe, ngakhale kuti ziwirizi ndi zomwe zinkayamba kunenedwa.

Kodi mumadziwa kuti mukhoza kuona nokha ngati zilembo zikutayika? Pa Linux, fayilo ya /proc/tty/driver/serial imaonetsa mabaiti otumizidwa ndi olandiridwa pa port iliyonse, ndipo mukaona oe ndi nambala pambali pake, amenewo ndi ma overrun. Fayilo ya /proc/interrupts imaonetsa kuti UART yaitana kangati. Iwerengeni kawiri, motalikirana ndi masekondi khumi, muchotsere, mugawe mabaiti olandiridwa ndi kuchuluka kwa kuitanako. Mudziwa kuti ulendo uliwonse ukunyamula mabaiti angati. Kuyambira mu 2014 mulingo umasinthikanso popanda kukhudza kernel, polemba nambala mu fayilo ya rx_trig_bytes pansi pa /sys/class/tty/ttyS0. Mukalemba nambala yomwe UART ilibe, driver amatenga yapansi pake yomwe ilipo.

Pa Windows chinthu chomwechi chili mu Device Manager, pa Port Settings kenako Advanced. Muli timizere tiwiri tokoka ndi mausi, kamodzi ka kulandira kofika 14, kena ka kutumiza kofika 16. Makina akamadumpha zilembo, kokerani ka kulandira pansi musanapite kukagula chingwe china.

Kodi mumadziwa kuti kuuza mnzanu kuti aime kaye sikumuimitsa nthawi yomweyo? Wolandira akadzaza amatumiza chilembo cha XOFF kapena kutsitsa chizindikiro cha RTS. Koma wotumiza akhoza kukhala atathira kale mabaiti 16 mu FIFO yake, ndipo 16550A imawatulutsa onse, chifukwa yemwe amamva pempholi ndi driver, osati UART. Wolandira ayenera kukuwa malo asanathe. Ma UART a pambuyo pake, monga 16750 ya Texas Instruments yokhala ndi FIFO ya mabaiti 64, amatha kuyang'anira okha RTS ndi CTS osadikira purosesa. Ya 16950 ya Oxford Semiconductor inafika pa 128.

Kodi mumadziwa kuti pali zida zomwe zimamva uthenga mwa kukhala chete kwa chingwe? Modbus, njira yolankhulirana makina a m'mafakitale imene kampani ya Modicon inayambitsa mu 1979, ili ndi mtundu wotchedwa RTU. Mmenemo mulibe chilembo chonena kuti uthenga watha. Chizindikiro ndi bata lokwana zilembo zitatu ndi theka. Kawotchi ka 16550A kamadikira zilembo zinayi. Pa 9,600, pomwe Modbus imagwiritsa ntchito mabiti 11 pa chilembo, batalo ndi mamilisekondi 4.0, pomwe kawotchi kakufuna 4.6. Uthenga wachiwiri ukayamba pa nthawi yake yoyenera, umapeza mchira wa woyamba ukadali mu FIFO, ndipo purosesa ikachedwa pang'ono, driver amalandira mauthenga awiri atamatirirana ngati umodzi. Palibe baiti yatayika, oe ikadali pa ziro, koma mpata wa pakati wafafanizika, ndipo mpatawo unali mbali ya uthenga. Vuto la mtundu uwu ndi lowawa kulisaka, chifukwa ziwerengero zonse zimaoneka zabwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti oimba nawo nkhaniyi imawakhudza? MIDI, yomwe inayamba mu 1983, ndi serial ya liwiro la 31,250. Baiti imodzi imatenga mamaikulosekondi 320, ndipo uthenga woti noti yadinidwa pa kiyibodi uli ndi mabaiti atatu, pafupifupi milisekondi imodzi. Kuchedwa kofanana nthawi zonse woimba amakuzolowera. Chomwe chimasokoneza nyimbo ndi kuchedwa kosinthasintha, noti iyi yafika msanga chifukwa mulingo unakwana, inzake yadikira kawotchi.

Kodi mumadziwa kuti kachingwe ka USB kosinthira ku serial kali ndi kudikira kwakekwake, kokulirapo? Pa USB chipangizo sichiitana kompyuta, kompyuta ndi imene imafunsa mobwerezabwereza. Tizipangizo ta kampani ya FTDI ya ku Glasgow timasonkhanitsa zilembo mu phukusi la mabaiti 64, awiri onena za mmene chingwe chilili ndi 62 a uthenga. Phukusi limanyamuka likadzaza, kapena kawotchi kotchedwa latency timer kakatha. Kawotchiko amakatchera pa mamilisekondi 16 kufakitale. Pa liwiro la 9,600, m'nthawi imeneyo mumangolowa zilembo pafupifupi 15, kutanthauza kuti phukusi silidzaza, limanyamuka ndi kawotchi.

Pa kukopera fayilo yaikulu zimenezi zilibe kanthu. Koma taganizirani pulogalamu yofunsa ndi kudikira yankho: ifunsa sikelo kapena kamota ka loboti, yankho ndi mabaiti 8, ifunsanso. Yankho lililonse likhoza kugwidwa mpaka mamilisekondi 16, ndipo mafunso sangapitirire kwenikweni 62 pa sekondi. Mukweze liwiro kuchoka pa 9,600 kufika pa 115,200, kusintha kwake n'kochepa, chifukwa nthawi sikuthera pa chingwe. Apa ndi pamene anthu amagwa ulesi nkumati chipangizo ndi chabodza. Kawotchiko kamatsitsika mpaka pa milisekondi imodzi. Pa Linux mumalemba 1 mu fayilo ya latency_timer pansi pa /sys/bus/usb-serial/devices/ttyUSB0, kapena kugwiritsa ntchito setserial ndi chisankho cha low_latency. Pa Windows kali mu Advanced momwemo. Malipiro ake ndi timaphukusi tochuluka tosadzaza pa USB, katundu yemwe kompyuta ya masiku ano siimumva nkomwe.

Kodi mumadziwa kuti ofuna nthawi yeniyeni kuchokera ku GPS amalambalala FIFO? GPS imatumiza nthawi m'ziganizo za NMEA 0183 pa liwiro la 4,800. Chiganizo chikhoza kufika zilembo 82, zomwe zimatenga mamilisekondi oposa 170 kuti zidutse, osawerengera kudikira konse tanena kuja. Ndiye GPS imatulutsanso kugunda kumodzi pa sekondi, kotchedwa PPS, ndipo amakulumikiza ku kamano ka DCD ka serial port. Kamanoka kakangosintha, UART imaitana nthawi yomweyo, popanda mulingo kapena kawotchi. Chiganizo chimanena kuti ndi sekondi iti, kugunda kumanena kuti yayamba liti. Ndondomeko yake inalembedwa mu RFC 2783 m'chaka cha 2000.

Kodi mumadziwa kuti Arduino Uno ili pafupi ndi 8250 kuposa 16550A? UART ya mu purosesa yake, ATmega328P, imasunga mabaiti awiri okha olowa ndipo imaitana pa baiti iliyonse. Mzere wa mabaiti 64 womwe Serial.read imatolamo uli mu memory, wopangidwa ndi pulogalamu. Ngati mwatseka ma interrupt kwa nthawi yaitali, zilembo zimatayikira pa UART. Ngati pulogalamu yanu yagona mu delay osawerenga, zimatayikira pa mzere wa 64. Malo ndi awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Raspberry Pi ili ndi UART ya ARM yotchedwa PL011, yomwe mulingo wake umasankhidwa mwa magawo: 1/8, 1/4, 1/2, 3/4 kapena 7/8 ya FIFO, ndipo kawotchi kake ndi nthawi ya mabiti 32. Pa tizipangizo ta STM32 ambiri amasiya DMA kuti izinyamula mabaiti kupita mu memory popanda purosesa, nkumaitanidwa pokhapokha chingwe chikakhala chete.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ikhoza kutanganidwa ndi kuyankha kuitana mpaka kulephera kugwira ntchito yomwe ikuitanidwira? Mu 1996 Jeffrey Mogul ndi K. K. Ramakrishnan anafotokoza zimenezi pa makadi a netiweki, ndipo dzina lake ndi receive livelock: mapaketi akuchuluka, purosesa ikungolandira, palibe paketi yomwe ikufika ku pulogalamu. Njira ya NAPI mu Linux imatsatira nzeru yawo. Paketi yoyamba ikaitana, driver amatseka kuitana kwa khadiyo nkuyamba kukatola yekha mpaka mzere utatha, kenako nkutsegulanso. Makadi ambiri a netiweki amalolanso kusankha kuti aziitana pakakwana mapaketi angati kapena pakapita mamaikulosekondi angati, ndipo pa Linux zimenezi zimasinthidwa ndi ethtool -C. Ndi zotchera ziwiri zomwe zija za 16550A, mulingo ndi kawotchi, kungoti pano kawotchi nakonso mumatchera nokha.